Kalonga woyamba sankadziwa tomato

Sukulu za m'tauni zatulukira njira yatsopano yovutitsira makolo. Tsiku la masewera, lomwe kale linkangofuna kabudula ndi mapazi, lero limakhala ndi mutu wake, ndipo mutuwo ukakhala wa mbiri yakale, magulu a ana omwe chaka chonse amatchedwa Ofiira, Obiriwira ndi Achikasu amasanduka a Kalonga, a Zwangendaba ndi a Chilembwe. Kenako uthenga umagwa pa gulu la makolo la WhatsApp: banja lililonse libweretse chakudya cha makolo athu, mpunga ayi, tchipisi ayi. Lamulo limeneli ndi lofunika kulikana, chifukwa komiti yomwe imaliika imadziwa mbiri ya zikopa ndi nthenga za kumutu, koma ya mumphika siidziwa.

Taonani zomwe zimafika pabwalo: nsima ya mgaiwa, nkhwani wotendera, chinangwa chophika, futali, nyemba zothira tomato, kambuzi pambali. Aphunzitsi aakulu amayendera miphikayo manja ali kumbuyo, amvekere, "Izi ndiye zathu zenizeni!" Komatu chimanga, maungu, mtedza, chinangwa, mbatata, nyemba, tomato ndi tsabola, zonsezi kwawo ndi ku America. Zinayamba kuwoloka nyanja pambuyo pa ulendo wa Columbus wa 1492, zambiri zikubwera ku Africa m'zombo za Apwitikizi. Akalonga oyamba a Amaravi ankadya nsima ya mapira ndi mawere, ndiwo zake khobwe, nzama, luni, nsomba ndi nyama ya m'tchire. Ngakhale pomwe Zwangendaba ankawoloka Zambezi mu 1835, chimanga chinali chisanalande nkhokwe zonse monga chachitira lero. Choncho mayi amene anzake amamuyang'ana cham'mbali chifukwa wabisa mpunga ndi nkhuku pansi pa chitenje alibe mlandu. Nkhuku inali kutokosa m'mabwalo a mu Africa chimanga chisanamveke n'komwe, ndipo mpunga unkalimidwa ku Nkhotakota m'nthawi ya a Jumbe, Chilembwe asanaukire atsamunda mu 1915. Ngati mwana wake ali m'gulu la Chilembwe, mayiyu ndiye wakhoza mayeso.

Ena anena kuti uku n'kufufuza zopanda pake, chimene agogo ankadya ndicho cha makolo, basi. Mfundoyi ili ndi nzeru, pakuti mbewu yomwe yalimidwa mibadwo yambiri pamunda wako ndi yako ndithu. Koma tikaika malire pa agogo, tivomereze zonse zomwe ankadya agogowo. Ankamwa tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje wa shuga wambiri, ankagula sikono pagolosale, ndipo pa Khirisimasi ankasungunula Sobo mundowa. Komiti singatenge nkhwani wa agogo n'kukana sikono yawo. Chimene imafuna kwenikweni ndi chakudya chooneka chakumudzi pachithunzi, osati chakale.

Ena anena kuti ngati zili choncho tiphike mapira enieniwo. Onena zimenezi sanayendepo mumsika wa m'tauni ndi mndandanda wotere m'manja. Mawere amawapeza, koma m'timbale ting'onoting'ono ta anthu ophika thobwa, ndipo wogulitsa akaona makiyi a galimoto mtengo umakwera pomwepo. Kunyumba ntchito imayamba ndi foni yopita kumudzi: "Amayi, chidulo chija mumatcheza bwanji?" Agogo amafotokoza za phulusa ndi chiguduli chobowola mpaka mayunitsi kutha, ndipo therere limaphikidwa ndi soda monga mwa masiku onse. Wophika weniweni ndi mtsikana wantchito, yekhayo panyumbapo amene amadziwa kugwira mthiko pa ufa wa mapira, koma dzina lake silimveka pa zokuzira mawu. Chakudyacho chikapsa pa kuka, amachikhuthulira mumphika wadothi wogulidwa dzulo lake, womwe sunaonepo moto, n'kuunyamula pampando wakutsogolo atamangirira lamba. Atate, omwe gawo lawo linali kutumiza ndalama ya makala, amafika mochedwa atavala malaya a chitenje n'kuyamba kufotokozera anzawo kukoma kwa zakudya zachikuda.

Ana nawo alibe chinyengo. Mnyamata amene wangomaliza kulumpha m'thumba la feteleza atanyamula chishango cha katoni amayang'ana nsima yofiirira ija, amayang'ana amayi ake, kenako n'kulunjika kumpanda komwe wogulitsa mafilizesi wakhala akudikira kuyambira m'mawa. Mbale za mbiri yakale zimatsalira oweruza, omwe amalawa ndi nsonga ya supuni n'kulemba malikisi. Akamaliza amaperekeza mlendo wolemekezeka kuseri kwa tenti, kumene komiti yomwe inaletsa mpunga ija yakonza mpunga wa Kilombero, nkhuku yokazinga, saladi ndi mafoloko okulunga m'mapepala.