Mlandu wa Timabulaketi Tiwiri

Ife amene tinaphunzira kulemba mapulogalamu a pa intaneti mothamanga, maso ali pa ndalama, timakonda kunamizira JavaScript kuti ndi yamisala. Umboni tili nawo: Brendan Eich anaipanga ku Netscape mu 1995 m'masiku 10 okha. Koma ine, mwini mutu wouma, ndikuti pa mlandu wa mabulaketi olakwa ndife. Ukalemba moni, wangotchula dzina la function. Ukalemba moni(), waiuza kuti igwire ntchito pompano. Kusunga nambala ya wakabaza ndi kwina, kumuimbira ndi kwinanso. Mu setTimeout(moni, 3000) wapatsa browser nambala kuti idzaimbe pakatha masekondi atatu. Mu setTimeout(moni(), 3000) waimba wekha usanasambe n'komwe: mnyamata wafika, waliza belu, wabwerera, ndipo browser yatsala ndi undefined m'manja. Masekondi atatu akakwana, zii. Ife akatswiri timazimitsa kompyuta n'kuiyatsanso, ngati kuti ikadzuka ikhala itasintha maganizo.

Wina ati, nanga bwanji mu HTML timalemba onclick="lipira()" ndipo batani limadikira mwaulemu? Pamenepo tangolemba mawu, ndipo browser imawakulunga yokha mu function ina yodzayenda batani likadinidwa. Mu fayilo ya JavaScript mulibe wokukulungira. Lembani batani.onclick = lipira() muone: kasitomala walipiritsidwa tsamba likungotseguka, chala chake chili m'thumba. Mu React n'zoopsa kuposa apa, chifukwa function yosintha state ikaitanidwa motero, tsamba limadzijambula mobwerezabwereza mpaka React yokha kutopa n'kudandaula. Winanso ati akufuna kutumiza ndalama yake, lipira(500), ndiye mabulaketi awathawa bwanji? Sawathawa, awakulunga: () => lipira(500), kalembedwe kamene kanabwera mu 2015. Apa wapereka function yatsopano yodzaitana inzake nthawi ikakwana, ngakhale kuti kwa maso ngati angawa mabulaketi angochuluka.

Dandaulo limodzi lokha ndikulivomera: JavaScript imaona munthu akugwera m'dzenje osatsokomola n'komwe. TypeScript ya Microsoft, yomwe inatuluka mu 2012, nthawi zambiri imalemba mzere wofiira pansi pa cholakwa choterechi. Tsoka lake, ine ndi anzanga mzere wofiira timauyesa zokongoletsa za pa sikirini.