Ndikadadziwa Ndikadaphika Therere

Makolo athu adali anthu osataya mawu. Chisoni chonse cha munthu wozindikira mochedwa adachimanga m'mawu atatu: ndikadadziwa ndikadaphika therere. Mzungu kuti anene zomwezo ayambe waitana "if", akatenge "had known", kenako akokere "would have cooked". Pofika kumapeto kwa chiganizo, therere lapsa kale ndipo alendo asamba m'manja. Aphunzitsi a Chingerezi amachitcha third conditional, ndipo amati chili ndi abale ake atatu. Onsewa amapezeka pa Mitundu ndi pa Nathenje tsiku lililonse, kungoti sayenda ndi buku.

Wamkulu wawo, zero conditional, ndi wa zinthu zosasintha. Buku limati ukatenthetsa madzi amawira. Pa Nathenje timati mvula ikagwa mtengo wa kabaza umakwera. Sayansi yake ndi yomweyo.

Wotsatira, wa "if" ndi "will", ndiye wa angongole. "Fodya akagulidwa ku Kanengo ndidzakubwezerani, achimwene." "Tikagawana za banki m'khonde ndibwera nazo ndekha." Ka "ka" kakang'onoko kasenza ngongole za m'magolosale onse a pa Mitundu, ndipo sikadandaula msana. Andale nawo amakakonda kwabasi. Amene adamvera misonkhano ya chisankho cha Seputembala 2025 adaphunzira galamala yaulere: mukandivotera mudzamwa madzi a pampopi, mukandivotera fumbi ili mudzalisowa. Lamulo la Chingerezi limaletsa kuika "will" mbali imene kuli "if". Ine ndimaona ngati mzungu adachita manyazi, adati kulonjeza kawiri m'chiganizo chimodzi n'chipongwe.

M'bale wachitatu ndi wa maloto, uja wa "if I were". Malo ake ndi pabawo, pamene bambo woti nkhuku zake zomwe zimagona kwa eni amalongosola mmene akadayendetsera Flames akadakhala kochi. Apa m'pamene ana asukulu amaterereka, ndipo sindiwadzudzula. Chingerezi chimalekanitsa zolota lero ndi zodandaula dzulo, pamene ife zonsezo timaziphika mumphika umodzi. "Ndikadakhala ndi ndalama" angakhale mawu a munthu amene sadazigwirepo chibadwire, angakhalenso a amene adazimwera ku bala mwezi wa Juni.

Koma mwini bwalo ndi wa therere uja. Nyengo yake imayamba Januwale, pamene mlimi amene adagulitsa chimanga kwa mavenda mu Meyi, chisadaume n'komwe, akupita kukagula chimanga chake chomwecho kwa venda yemweyo, pa sikelo yomweyo, mtengo wokha ndiwo wasintha. Mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, amene adasunga ndalama pansi pa mphasa kudikira kuti feteleza atsike adalankhula third conditional yosalala, yopanda cholakwika ngakhale chimodzi. Chaka chotsatira El Niño atawotcha chimanga m'minda, mwambi udasintha ndiwo: ndikadadziwa ndikadabzala mbatata. Chodabwitsa n'chakuti sukulu ya ulimi ya Bunda, ya LUANAR, ili pakhomo pomwepo pa Mitundu, ndipo alangizi amalankhula zimenezi mvula isadagwe. Vuto lawo n'lakuti amalankhula mu "ka" wa kutsogolo: mukabzala mbewu zosiyanasiyana simudzalira. Ife khutu lathu limamva bwino "kada".

Anyamata obetcha mpira ndiwo adafika pa digiri. Tikiti ya matimu khumi, asanu ndi anayi apambana, imodzi yokha yagwetsa zonse. "Arsenal ikadangochinya chimodzi, bwenzi pano ndili ndi njinga yamoto." Mverani "bwenzi pano" ameneyo. Chifukwa chili dzulo, chotsatira chili lero, ndipo aphunzitsi amati imeneyo ndi mixed conditional, mutu wovuta. Mnyamatayo waudziwa ataulipira K500.

Tsono choseketsa, kapena chomvetsa chisoni, ndi chiganizo chimene MANEB idatilembera: ukalephera Chingerezi, satifiketi ya MSCE palibe, ngakhale Agriculture ndi Biology utazikhoza chotani. Mwana amene wakulira pakati pa akatswiri onsewa amakakhala m'chipinda cha mayeso n'kulemba "if I would have known", wochonga n'kudula. Zotsatira zikatuluka mwanayo amakhala duu pakhonde, ndipo amene amamaliza chiganizo molondola ndi bambo ake: "Ndikadadziwa, fizi yonse ija ndikadagula mbuzi."