Mmene Mungapezere Wotchi Yobadwa Chaka Chimodzi ndi Inu

Ndalama zikayamba kuyabwa m'thumba, munthu amasowa pozitaya. Ena amamanga nyumba yachiwiri, ena amakwatira kachiwiri. Inu, poti ndinu munthu wozindikira, lowani m'gulu la otolera mawotchi akale a pamkono. Anthu amenewa, omwe achuluka ku Ulaya, ku America ndi ku Japan, ali ndi mwambo wina wosiririka: aliyense amasaka wotchi yopangidwa chaka chomwe iye anabadwa. Wobadwa mu 1975 sagona tulo mpaka wotchi ya 1975 itakhala pamkono pake. Chifukwa chake musafunse. Akuti zimakhudza mtima.

Yambani ndi kudziwa chaka chomwe munabadwa. Musaseke ayi. Kwathu kuno alipo agogo amene ukawafunsa amangoti, "Ndinali kumsana nthawi ya njala ija," kutanthauza ya 1949, ndipo ena amawerengera kuchokera pomwe Kamuzu anabwerera kumudzi mu 1958. Oterewa agule wotchi iliyonse ya m'zaka zoyandikira, palibe adzawatsutse. Vuto lili kwa anzathu ena osewera mpira ndi ena a m'maofesi omwe sakufuna kupuma pa ntchito. Iwowa anabadwa kawiri, koyamba kwa mayi awo, kachiwiri pa fayilo. Agule mawotchi awiri, koma azisamala kuti ku ntchito avala iti.

Kenako onani ngati makolo anu anakusankhirani chaka chabwino, poti ambiri sankaganizira za mitengo ya mawotchi. Mukakhala wa 1957, chaka chomwe Omega inatulutsa Speedmaster yoyamba, kapena wa 1969, pomwe Buzz Aldrin anayenda nayo pamwezi, pepani, mugulitsa munda. Wobadwa pambuyo pake ali ndi tsoka la mtundu wina. Pa 25 Disembala 1969, kampani ya ku Japan ya Seiko inayamba kugulitsa Astron, wotchi yoyendera batire, yosunga nthawi bwino kuposa mawotchi a sipuling'i omwe Switzerland inkanyadira. Posakhalitsa mawotchi a batire anatsika mtengo, mafakitale a ku Switzerland anayamba kutseka, ndipo ogwira ntchito yopanga mawotchi m'dzikomo anachepa kuchoka pa pafupifupi 90,000 mu 1970 kufika pa 30,000 okha m'zaka za m'ma 1980. Ndiye ngati munabadwa mu 1989, mnzanu weniweni ndi Casio F-91W, kapulasitiki kakuda kolira "piii" komwe mpaka lero kakupangidwabe mosasintha kwenikweni. Kaguleni, mukauze anthu kuti ndi ka 1989, nkhani yatha. Koma otolera enieni adzakuyang'anani ngati mwawatukwana.

Tsopano tifike pa nambala, pomwe pagona nkhani yonse. Wotchi siilemba chaka chake pankhope. Muyenera kuchifukula pa nambala ya fakitale, muli ndi kagalasi kokulitsa zinthu pa diso limodzi, lina mutatsinzina. Seiko ndi yachifundo: tembenuzani wotchi, kumbuyo kuli nambala. Chiwerengero choyamba ndi chomalizira cha chaka, chachiwiri ndi mwezi, ndipo Okutobala, Novembala ndi Disembala amalembedwa ndi zilembo O, N ndi D. Nambala yoyamba ndi 5N ikutanthauza Novembala wa chaka chothera ndi 5. Chaka chiti? 1965, 1975 kapena 1985. Seiko yakusiyirani nokha kuti mufufuze nthawi yomwe mtundu wa wotchiyo unkapangidwa. Wogulitsa adzakuthandizani. Adzayamba wafunsa chaka chomwe munabadwa, ndipo mwamwayi wodabwitsa wotchiyo idzapezeka kuti ndi ya chaka chomwecho.

Rolex ilibe nthawi yocheza ndi inu. Pa mawotchi ake akale nambala inabisidwa m'munsi mwa 6 koloko, pomwe lamba amalumikizana ndi wotchi, ndiye muyenera kuchotsa lambayo kaye. Kampaniyo siinatulutsepo ndandanda yonena kuti nambala yakuti ndi ya chaka chakuti. Ndandanda zomwe zilipo anazisonkhanitsa otolera okha, ndipo zimasemphana. Chapakati pa zaka za m'ma 1950 nambala zitafika pa 999,999 anayambiranso, kotero nambala imodzi ikhoza kukhala pa mawotchi a mibadwo iwiri. Kuyambira cha m'ma 2010 anangozisokoneza dala. Ana obadwa masiku ano adzaona okha chochita.

Omega nayo nambala yake yakale ili pa makina a m'kati, mpaka mutsegule chivundikiro. Apa ndiye mudzaphunzira chinsinsi chomwe ogulitsa sakonda kuchitchula. Makina akhoza kupangidwa chaka chino, nkuikidwa m'chigoba chake chaka chamawa, wotchi nkukagulidwa m'sitolo patapitanso zaka ziwiri. Zili ngati mwana amene ali ndi tsiku lomwe mayi anaima, tsiku lobadwa ndi tsiku la ubatizo. Sankhanipo lomwe likugwirizana ndi chiphaso chanu, enawo muwaiwale.

Musade nkhawa ngati ziwalo za wotchi yanu zili za zaka zosiyana. Wotchi ya zaka 50 yadutsa m'manja mwa okonza ambiri. Uyu anasintha mivi, uyo galasi, wina nkhope yonse. Ndiye pali akatswiri ena amene amatola ziwalo za mawotchi akufa nkulumikiza wotchi imodzi yamoyo. Mukapusitsidwa motero musadzione wopepera, muli ndi anzanu apamwamba. Mu Novembala 2021, pa okushoni ya Phillips ku Geneva, Speedmaster ina yomwe ankati ndi ya 1957 inagulidwa pa mtengo woposa mafranki 3 miliyoni a ku Switzerland. Wogula anali Omega mwiniwake, ikufuna kukaika m'nyumba yake yosungiramo zakale. Mu 2023 zinaululika kuti wotchiyo inali yolumikiza ziwalo za mawotchi osiyanasiyana, ndipo kampaniyo inanena kuti ena mwa omwe anali antchito ake anatengapo mbali. Ngati mayi wobereka sanazindikire mwana wake, inu ndi kagalasi kanu mungatani?

Kwa a thumba lopepuka, pa eBay pamadzaza ma Seiko ndi ma HMT ochokera ku India, nkhope zawo zopentedwa kumene, zofiira, zobiriwira, zachikasu, mitundu yomwe fakitale siinalotepo. Ndi otchipa, ndipo ena amayenda mpaka mlungu wathunthu.

Mukaipeza yeniyeni, lamulo lalikulu ndi ili: musaitsuke. Ndikudziwa kuti munaleredwa bwino ndipo chinthu chakuda mumafuna kuchikwecha, koma m'dziko la mawotchi akale ukhondo ndi mlandu. Chigoba chopukutidwa mpaka kunyezimira chimagwetsa mtengo, chifukwa makina opukutira amadya ngodya zake. Nkhope yakuda yomwe yawauka ndi dzuwa nkusanduka yofiirira ndiyo imakweza mtengo, nthawi zina koposa yosawonongeka. Timadontho ta dzimbiri, mizere ya zikande, mivi yachikasu ngati mano a wosuta fodya, zonsezi amati ndi mbiri. Kunena zoona, awa ndi malonda okhawo omwe wogulitsa amakuonetsani chilema monyadira kenako nkuwonjezera mtengo.

Obadwa 1960 isanafike adziwenso kuti utoto wowala usiku pa mawotchi a nthawi yawo unkasakanizidwa ndi radium, yomwe inadwalitsa ndi kupha atsikana opaka utotowo m'mafakitale a ku America m'zaka za m'ma 1920. Utotowo unaleka kuwala kalekale, koma radium imatenga zaka 1,600 kuti mphamvu yake ichepe ndi theka lokha. Choncho musatsegule nokha kuti muuzire fumbi ndi pakamwa.

Zotsala ndi zazing'ono. Muziipotokola m'mawa uliwonse. Musasambe nayo, musayende nayo pamvula, ngakhale kumbuyo kwalembedwa kuti siilowa madzi. Lonjezo limenelo linaperekedwa muli khanda. Pakapita zaka zingapo ifunika kuphwasulidwa ndi kuthiridwa mafuta atsopano, ndipo nthawi zina mtengo wa ntchitoyi umaposa womwe munagulira wotchiyo. Ikamachedwa ndi mphindi imodzi pa tsiku musaikalipire, ndi msinkhu, nanunso masitepe mukukwera mopumira.

Mkazi kapena mwamuna wanu akafunsa za ndalamazo, yankhani kuti mukusungira ana. Musawauze anawo, chifukwa iwo anabadwa chaka china ndipo wotchi yanu siikhudza mtima wawo. Mwambo wa maliro ukangotha adzaijambula, aiike pa intaneti, ndipo idzagulidwa ndi mkulu wina wa ku Osaka kapena ku Manchester amene munabadwa naye chaka chimodzi, atafunsa kaye ngati nkhopeyo siinapentedwenso.