Ng'oma ya m'khosi mwa mkango

Ine zamagetsi sindinaphunzire, ndiye musandiseke. Ndinali ku Nkwali, m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa, mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Ndinaona galimoto ya a Zambian Carnivore Programme, aja amatsata mikango, afisi ndi mimbulu m'chigwamo, itaima pansi pa mtengo. Mnyamata wina anali chilili pamwamba pake, atakweza eriyo yonga minga ya nsomba, akuitembenuza pang'onopang'ono. Kabokosi kam'manja mwake kankangoti shiii ngati mafuta pamoto. Kenaka, pansi pa phokosolo, ti... ti... ti. Mnyamatayo analoza kutsidya, m'paki.

Madzulo ndinapita nazo kwa mphwanga, amene amakonza mawailesi ndi mafoni. Ndinati kodi mkango umaimba bwanji foni?

"Si foni, amalume. M'kolala ya m'khosi mwakemo muli kang'oma. Dzina lake ndi oscillator. Kamagunda pafupifupi ka 150 miliyoni pa sekondi, ndipo nyama iliyonse ili ndi nambala yakeyake. Wailesi ya m'manja nayo ili ndi kang'oma kake. Imasakaniza ziwirizo, ndipo kusiyana kwake ndiye ti-ti mwamvayo."

Ka 150 miliyoni! Nanga akuimba ndani, manja ake osatupa?

Mwala, akutero. Kachibanthu ka quartz, kamene kamanjenjemera kakalandira magetsi. Walter Cady wa ku America ndiye anayamba kukagwiritsa ntchito chomwechi mu 1921. Mphwanga anagwira wotchi yanga n'kunena kuti momwemonso muli kena, kogunda ka 32,768 pa sekondi. Zaka zonsezi ndakhala ndikuyenda ndi mwala wonjenjemera padzanja osadziwa.

Ndinamuuza kuti mnyamata uja ankangopotokola kabatani ngati wataya siteshoni. Apa ndinamva msanga, chifukwa ng'oma ndimazidziwa: ukaiwamba pamoto mawu amakwera, ikazizira amatsika. Mwala nawo umasuntha mawu ndi kutentha, ndipo kolala yomwe yagona pamchenga wotentha masana silira ngati mmene imalirira m'bandakucha.

"Koma limenelo ndi vuto laling'ono," anatero. "Mumangotsatira ndi chala. Lalikulu ndi phase noise."

Ndinapempha kuti anene m'Chinyanja.

"Taganizani woimba ng'oma amene pakutha pa nyimbo wagunda kokwanira ndendende, osaphonya ngakhale kamodzi. Koma apa wafulumira pang'ono, apo wachedwa pang'ono, dzanja likunthunthumira. Mukawerenga, zonse zili bwino. Funsani ovina."

Nanga mkango uvina? Zimavuta pati?

Anajambula pansi ndi kamtengo. Mikango iwiri, wina uli pafupi, wina uli kuseri kwa nkhalango makilomita angapo, nambala zawo zoyandikana. Kang'oma ka wailesi kakakhala ndi dzanja lonthunthumira, mawu a mkango wapafupi sakhala pamzere wake, amamwazikira mbali zonse ngati phala lotayikira, n'kukwirira kulira kwa wakutali uja. Izi zinandizunguza mutu. Ine ndinkayesa phokoso limachokera kuthengo. Kani lina limabadwira mwa womverayo?

Ndiye bwanji osatsegula kabokosiko n'kulichotsa?

Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti mu 1928 John Johnson ndi Harry Nyquist, a ku Bell Labs, anasonyeza kuti m'waya uliwonse wokhala ndi kutentha, magetsi amayendayenda okha mwachisawawa, popanda wowatuma. Phokosolo silitha.

Basi tiike mu filiji, ndinatero.

"Kuwerenga kwake kumayambira pa madigiri 273 kunsi kwa ziro, amalume. Kuchoka pa 40 kufika pa 20 n'kuchoka pa 313 kufika pa 293. Mwapindulanji?"

Ndinakhala chete, koma osati nthawi yaitali. Ndinafunsa chimene anthu ophunzirawo amachita, poti filiji yakanika.

Anatchula David Leeson, amene mu 1966 analemba masamu osonyeza zomwe zimakuza kapena kuchepetsa kunthunthumiraku. Choyamba ndi chogundidwacho. Pasukulu yathu belu linali limu ya galimoto yopachikidwa pamtengo: ukaimenya kamodzi inkalira mpaka kudambo. Menyani chipika, chimangoti phu. Chinthu cholira nthawi yaitali chimaumirira mawu ake, phokoso silichikankha msanga. Muyeso wa kuumiriraku amautcha Q. Koyilo ya waya wamba imafika cha m'ma 100, pamene quartz imapitirira 10,000 kutalitali.

Zikatero nkhani yatha, ndinati. Dulani mwala wogunda ka 150 miliyoni.

Ayi ndithu. Kuti mwala ugunde mofulumira uyenera kupyapyala, ndipo pofika pamenepo umakhala wopyapyala kuposa tsitsi, wosachedwa kusweka. Ndiye kawirikawiri amatenga wogunda pang'onopang'ono n'kuchulukitsa kugunda kwake. Anandipatsa nsungwi yaitali yothyolera mango kuti ndiloze nyenyezi. Dzanja langa linkagwedera pang'ono chabe, koma nsonga inkavina mlengalenga.

"Mukachulukitsa kakhumi, mphamvu ya phokosolo imakula ka 100. N'chifukwa chake mwala woyambirawo uzikhala wabwino kwambiri."

Panalinso zina zimene anathamanga nazo: transistor yosasokosera, mawaya aafupi, kachitini kotchinga, magetsi oyera. Tchaja yotchipa ya pamsika, akuti, imalowetsa mng'ung'udzo wake m'kang'omako. Ndipo poti wailesi iyenera kudumpha kuchoka pa nambala ya mkango uwu kupita pa ya fisi uyo, imakhala ndi kang'oma kena kosinthasintha, komangiriridwa ku mwala uja ngati mbuzi pachingwe. Chingwe chikatalika, mbuzi imayenda zake. Chikafupika kwambiri, kugwedera kulikonse kwa chikhomo kumafika m'khosi mwa mbuzi. Utali woyenera ndiwo amadyera mainjiniya.

Nanga kungoimba mwamphamvu, kuti phokoso limire?

Akuti zimathandizadi, koma mphamvu ndi batire. Ya m'kolala iyenera kukhala zaka, ndipo n'chifukwa chake simalira mosalekeza, imangoti ti n'kupuma.

Kunja kunali kutada. Mvuu zinayamba kuseka kwawo kuja mumtsinje, ndipo kutsidya, kutali ndithu, mkango unabangula. Ndinafunsa ngati sukusokosedwa ndi ng'oma yogunda pansi pa khutu lake usiku wonse.

"Sumva kanthu, amalume. Si mawu amenewo, ndi mafunde a wailesi."

Nanga batire ikatha, amakasintha ndani?

"Dokotala wa zinyama amayamba waugoneka ndi jakisoni wamfuti."

Ndinafunsa ngati mankhwala ogonetsawo nawo ali ndi wotchi yosanthunthumira. Mphwanga ananyamuka kukayang'ana ketulo.