Mbozi ya Silika ndi Mphaka wa Zilonda M'kamwa

Panangokhala! Ku Japan kunali Mbozi ya Silika, imene mtundu wake unatumikira anthu zaka zikwizikwi. Ntchito yake inali kudya masamba a mabulosi ndi kuluka ulusi. Ikatha kuluka, anthu ankaphika chikwa m'madzi otentha, mwini wake ali momwemo.

Koma chimene mtunduwo unkaopa koposa ndi Kachilombo kotchedwa baculovirus. Kakalowa m'thupi, mbozi inkatupa, khungu n'kuphulika, zam'kati n'kutayika ngati mkaka. Mu 1985, Susumu Maeda ndi anzake anagwira Kachilomboko, n'kukachotsa kachidutswa ka DNA kopangira chikhoto chake cholimba, pamalopo n'kuikapo malangizo opangira mankhwala otchedwa interferon wa munthu. Atakabaya m'matupi a mbozi, magazi a mbozizo anadzaza ndi mankhwalawo. Patapita zaka, njira yomweyo inatulutsa interferon wa amphaka.

Tsiku lina Mphaka anafika pa lichero la Mbozi, maso ali manthongo okhaokha, m'kamwa muli zilonda zomukanikitsa kudya.

"Odi, amayi! Ndamva kuti udotolo wakugwerani. Moyo wanga uli mwa inu."

Mbozi inaleka kutafuna. Chibadwire palibe anali ataitchulapo amayi. Poyang'ana m'mwamba, inaona jakisoni akutsika, Kachilombo kali m'kati.

"Si iwe unatha abale anga?"

"Zimenezo n'zakale, achemwali," kanatero Kachilombo. "Anthu anandivula chikhoto, ndipo ndinatembenuka mtima. Masiku ano ndine mtenga, ndimangonyamula kalata. Ndikalowa, thupi lanu liwerenga kalatayo n'kuyamba kupanga mankhwala."

"Nanga kuphulika kuja?"

"Simufikako, ndikulumbira."

Kachilombo sikananame. Mbozi inabayidwa, n'kupitiriza kudya mabulosi ikuyenda monyadira pakati pa zinzake. Patangopita masiku ochepa, mankhwala atachuluka m'magazi koma khungu lisanaphulike, anthu ovala zoyera anabwera n'kuikhetsa magazi onse. Anawasefa bwinobwino n'kuwathira m'kabotolo.

Mphaka anachira, n'kuyambanso kudya nsomba. Atanenepa, anabwerera pa lichero paja kukapepesa maliro, n'kupeza timbozi tating'ono tili nyakanyaka pamasamba.

"Pepani, ana inu. Mayi anu anali dotolo wamkulu, ndipo dzina lawo lisafe," anatero akunyambita phazi. "Mng'ono wanga nayenso wayamba kuyetsemula. Idyani kwambiri, mukule msanga."