Zomba kapena Mulanje: mapanga awiri a pa WhatsApp

M'chaka cha 2025 tsiku la 6 July linagwa Lamlungu, ndiye tchuthi chinasunthira Lolemba. Masiku atatu osaona nkhope ya bwana, malipiro a June akadali ndi kafungo m'thumba. M'magulu a pa WhatsApp a mu Blantyre, a kuntchito, a kwaya, a anthu amene anaphunzira limodzi kalekale, munatuluka uthenga wofanana: "Anthuni, wikendi imeneyi tisangokhala. Tiyeni tikapitidweko kamphepo." Lachiwiri m'mawa anthu omwewo anali m'maminibasi kubwerera kuntchito, ambiri a iwo asanadutse n'komwe pa Kachere. Akuluakulu akale akanakhalapo akanangopukusa mitu n'kuti tinanena ife, mapanga awiri avumbwitsa.

Mwambiwu aliyense anaumva ali mwana. Chimene sichinenedwa kawirikawiri n'choti anthu a ku Blantyre anapatsidwa mapanga awiriwo enieni, ndipo Namalenga anawaika pa mtunda wofanana ngati dala. Ukatenga msewu wa M3 kudzera pa Njuli, Namadzi ndi Thondwe, pakatha makilomita 65 kapena kuposera pang'ono wafika ku Zomba. Ukatenga wa Midima, umene mu 2006 anaupatsa dzina la Robert Mugabe koma anthu akuutchulabe Midima, pa mtunda ngati womwewo wafika ku Mulanje. Phiri lina likanakhala kutali, nkhani ikanatha yokha ndi mtengo wa mafuta. Koma ayi.

Gulu lina la anthu ogwira ntchito mu ofesi imodzi cha ku Ginnery Corner linayamba bwino kwambiri. Adimini analemba ganizolo Lolemba, ndipo pofika madzulo zala zoloza kumwamba zinali mbwee. Asisi ena amene amasunga ndalama za banki m'khonde ya mu ofesimo anasankhidwa kukhala msungichuma popanda wotsutsa. Anthu anayamba kutumiza ndalama asanadziwe n'komwe kopita.

Lachiwiri ndi pamene wina anafunsa: "Koma tikupita kuti, akuluakulu?"

A mbali ya Zomba anali ndi mfundo zomveka. Tala amakwera mpaka pamwamba pa phiri, pa hotela ya Ku Chawe. Munthu atha kuvala nsapato zake za kutchalitchi n'kubwerera nazo zili zoyera. Kuli damu la Mulunguzi lojambulitsirapo zithunzi, kuli mathithi a Williams, kuli anyamata a m'mbali mwa msewu ogulitsa sitiroberi ndi zipatso zina m'timbale. Kulinso malo aja otchedwa Emperor's View, pamene anaimapo Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, n'kumayang'ana chigwa mpaka ku nyanja ya Chilwa. "Ngati mfumu inakhutira, inu ndinu ndani?" analemba motero achimwene ena a ku akaunti. Anakumbutsanso gululo kuti Zomba inali likulu la dziko mpaka 1975, ngati kuti anthu akupita kukafuna ziphaso.

A mbali ya Mulanje anayankha ndi nambala imodzi yokha: 3,002. Awa ndi mamita a nsonga ya Sapitwa, ndipo nsonga yaitali ya phiri la Zomba imangopitirira pang'ono mamita 2,000. Nambalayi inalembedwa kangapo tsiku limenelo, nthawi zina ndi zilembo zikuluzikulu pambali pake. Chodabwitsa n'choti mwa onse amene ankainyadira, panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankaganiza zokwera Sapitwa. Ulendo wa kumeneko umafuna masiku awiri kapena atatu, wolondolera njira, ndi kugona m'kanyumba ka pa Chisepo mphepo ikulira m'malata. Chimene iwo ankafuna ndi kukhota pa Chitakale, kusiya galimoto pa Likhubula, kuyenda pansi ola limodzi kukafika pa Dziwe la Nkhalamba, kuviika mapazi m'madzi ozizira koopsa aja, n'kugula nanazi pobwerera. Dziwelo lili m'munsi ndithu mwa phiri. Koma pokangana, mamita onse 3,002 anali awo.

Adimini, pofuna mtendere, anaika voti, kabokosi kaja kamene WhatsApp inabweretsa mu 2022 kuti anthu azigwirizana msanga. Zotsatira zinali zofanana ndendende. Anthu awiri anavotera mbali zonse. Mmodzi anachotsa voti yake usiku n'kuibwezera m'mawa mbali ina.

Apa ndi pamene mwambi uja unayamba kuchepa, chifukwa amene anaupeka ankadziwa mapanga awiri basi. Lachitatu kunatulukira lachitatu. Madala ena a ku sitolo anafunsa kuti anthu anzeru zawo angapite bwanji kuphiri mu July, pamene ku Chikwawa kuli kotentha bwino. Ku Majete, anatero, ndi makilomita pafupifupi 70 okha: kutsika zitunda zija mpaka pa Thabwa, kuwoloka Shire, basi wafika. Ndipo sananame. Nkhalango imeneyi inali itatheratu nyama pamene bungwe la African Parks linaitenga mu 2003, koma lero muli njovu, zipembere, njati, akambuku, ndi mikango imene anaibweretsa mu 2012. Mulinso mathithi a Kapichira amene anatsekereza David Livingstone njira ya pamadzi mu 1859. Mayi wina anayankha kuti iye sangalipire ndalama kuti akaonedwe ndi mkango.

Kenako zinangoti kakata. Wina anati ku Thyolo, kuminda ya tiyi ya Satemwa, kukamwa tiyi pamene amamera. Wina anati tiyi amamwa kale kunyumba. Wina anati bwanji kunyanja, ku Mangochi, ndipo anakumbutsidwa kuti ndi ulendo wa maola atatu kapena kuposa, komanso mu July mwera umakhala utalusa. Mnyamata wongoyamba kumene ntchito analemba mwaulemu kuti phiri la Michiru lili pompano, munthu atha kufikako ngakhale pa kabaza, ndipo kuli tinjira toyendamo ndi malo owotchera nyama. Palibe anamuyankha. Ganizo lake linali lanzeru kuposa onse, koma linali ndi chilema chachikulu: munthu sungaike pa Facebook kuti wapita kokayenda pamene denga la nyumba yako likuoneka pa chithunzipo.

M'mikangano yonseyi munali munthu mmodzi amene sanalembe kanthu, ndipo ndi iyeyo anali ndi mphamvu zonse. Awa ndi achimwene a galimoto ya Sienta. Gulu lililonse lili nawo. Amawerenga uthenga uliwonse, timizere tiwiri tija n'kusanduka tabuluu, koma iwo duu. Akudziwa kuti anthu okwera adzasonkha ya mafuta opitira n'kuiwala obwerera. Akudziwa kuti amene waima pa mzere wa mafuta, m'zaka zino zimene mizere imabwera ndi kupita, amakhala mwini galimoto yekha, pamene okwera ali m'tulo. Lachinayi madzulo analemba mawu anayi: "Galimoto ikumveka kaphokoso kena." Kaphokoso kameneka kamamveka m'galimoto zambiri za mu Blantyre tchuthi chikayandikira, ndipo kamasiya kokha Lachiwiri.

Lachisanu gulu linagwirizana kuti ligwirizana Loweruka m'mawa. Loweruka m'mawa kunacha ndi chiperoni.

Tsono apa mwambi unagwa chagada. Atsikana awiri a m'gululo, atatopa ndi mavoti, anali atapangana kumbali. Sanauze munthu. Analawirira ku Limbe, kukwera minibasi ya ku Mulanje, kutsika pa Chitakale n'kupeza njinga zamoto zowafikitsa pa Likhubula. Anasankha phanga limodzi monga mwambi ufunira, ndipo anavumbwa kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Chiperoni si mvula yoti munthu n'kuithawa. Ndi kamvula kosalekeza kobwera ndi mphepo yochokera cha ku Mozambique, kamene kamalowa m'juzi mwaulemu n'kukhazikika m'mafupa. Phiri lonse lija, ndi mamita ake 3,002, silinaoneke ngakhale pang'ono. Pa zithunzi zimene anatumiza pagulu madzulo panali anthu awiri onyowa, nanazi zitatu, ndi kuyera kwa nkhungu kumbuyo. Amene anakanika kusankha anaziona ali m'mabulangete, owuma bwinobwino, kapu ya tiyi ili m'manja.

Komabe atsikanawo ndi amene anachita mwanzeru, ndipo phirilo lili kumbali yawo. Anthu a ku Mulanje amasimba kuti ukamayenda m'phirimo utha kupeza chakudya chophikaphika chimene mizimu yakuikira, ndipo lamulo lake ndi lakuti udye wekha, osaitana anzako. Aliyense amene anayesapo kukonza ulendo wa gulu amamvetsa chifukwa chake mizimuyo inaika lamulo lotere.

Nkhungu imeneyo si yoseweretsa ayi. Mu July 2009 mnyamata wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, anapitiriza yekha ulendo wa ku Sapitwa atasiya womulondolera m'munsi, nyengo inasintha, ndipo thupi lake linapezeka patapita masabata. Anthu a m'mphepete mwa phirili, ku Mulanje ndi ku Phalombe, sanaiwalenso March 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa miyala ndi matope pa midzi usiku. Kwa iwo mawu oti kuvumbwa ali ndi kulemera kwina. Choncho wolondolera njira wa pa Likhubula akanena kuti lero tisapitirire apa, mlendo wa mu tauni amene walipira ndalama zake ndi bwino amvere, ngakhale foni yake ikunena kuti kuwala dzuwa.

Pali chinanso chimene mwambiwu sunaone. Umaganiza kuti munthu woima pakati pa mapanga awiri ndi wadyera kapena wopanda mfundo. M'magulu a masiku ano nthawi zambiri amakhala munthu amene alibe ya khomo la phanga lililonse. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, malipiro sanathamange nawo, ndipo mu July kholo limakhala likuwerengera kale fizi ya September. Koma ndani angalembe pagulu la kuntchito kuti "ndilibe"? Amalemba kuti "Zomba tinapitako kale." Amalemba kuti "Mulanje kukuzizira, bwanji Majete?" podziwa kuti Majete akaikidwa pa voti ulendo wafa, ndipo ulemu wake watsala. Madala a ku sitolo aja, amene ankadziwa mbiri yonse ya mikango, ali ndi ana atatu ku sekondale. Anthu amene amakonda kudzudzula Amalawi kuti sayendera dziko lawo, pamene azungu amawoloka nyanja kudzaliona, amaiwala mbali imeneyi. Chikhumbo chilipo chambiri. Uthenga wa Lolemba uja unalandira zala zambiri kuposa uthenga uliwonse wa bwana. Ndalama yolowera m'nkhalango zathu kwa nzika ndi yotsika poyerekeza ndi ya alendo akunja. Chimene chimapha ulendo ndi mayendedwe, kuphatikizapo chikhulupiriro chakuti anthu sangakhale pansi pa mtengo popanda nyama yowotcha, makireti awiri ndi sipika.

Patangopita masiku ochepa tchuthi chitatha, komiti ya UNESCO imene inakumana ku Paris inaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, kukhala lachitatu m'Malawi muno pambuyo pa paki ya nyanja ya Malawi mu 1984 ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni mu 2006. Komiti imeneyi ili ndi mayiko 21, a zilankhulo ndi zofuna zosiyanasiyana, ndipo inatha kugwirizana za Mulanje. A mbali ya Mulanje anatumiza nkhaniyo pagulu kasanu. Achimwene a ku akaunti anayankha kuti UNESCO sinafunse za msewu.

Nkhani imene inatsala inali ya ndalama zimene anthu anasonkha. Msungichuma analengeza kuti abweza aliyense zake, kuchotsapo yotumizira pafoni. Ena anakana, amvekere yotumizirayo ituluke m'thumba mwa amene anayambitsa za Majete. Ena anati ndalamazo zisungidwe mpaka pa 15 October, tsiku la anakubala, gulu lidzapite kunyanja. Mnyamata wa Michiru uja anapempha kuti zake amubwezere pamanja, chifukwa desiki yake ndi ya msungichuma zayandikana. Adimini anaika voti.