Tsokonombwe Wagula Nsapato Zothamangira

Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha, koma akale sadatiuze kutalika kwa mtundawo. Adauyeza ndi azungu: makilomita 42 ndi mamita 195, muyeso umene udayambira ku masewero a Olympics a ku London mu 1908. Mamita 195 omalizawo musawapeputse. Ndi pamene mabwana aulemu wawo amayambira kuitana amayi awo.

Kwathu kuno munthu wamkulu sathamanga wamba. Mukaona bambo wandevu ali liwiro la mtondo wadooka, mumayamba mwayang'ana kumbuyo kwake: kaya ndi galu, kaya njuchi, kaya mwini ngongole. Ndiye tayesani kufotokozera agogo kuti mdzukulu wawo wa ku Britain wathamanga mtunda wonsewo popanda womupirikitsa, ndipo adachita kulipira kuti amulole.

"Nanga wapatapo chiyani?"

"Mendulo, agogo, ndi matuza kumapazi. Ndalama zimene anzake asonkha zapita kwa ana odwala khansa."

"Osangosonkha bwanji ali chikhalire?"

Funso la agogoli n'lolemera kuposa mendulo ija. Yankho lake n'lochititsa manyazi pang'ono: thumba la munthu limatseguka likaona thukuta la mnzake. Muuzeni kuti ana akudwala, adzapukusa mutu n'kunena kuti zinthu zavuta. Muuzeni kuti mkulu wowerengera ndalama ku ofesi kwawo, uja amakwera kabaza popita kokagula chingwa, athamanga makilomita 42, adzapereka kawiri kuti akaone yekha. A London Marathon adaitulukira kalekale mfundo imeneyi, ndipo chiyambire mu 1981 othamanga awo asonkhetsa mapaundi oposa 1 biliyoni a ntchito zachifundo. Ena amathamanga atavala ngati chipembere.

Koma amene adaumvetsa mwambiwu mpaka kupyola nawo ndi Lloyd Scott. Mkuluyu, amene adapulumuka khansa ya m'magazi, adalowa mpikisanowo mu 2002 atavala chovala chakale cha anthu omira pansi pa nyanja, chipewa chachitsulo kumutu, nsapato zamtovu kumapazi. Anzake adamaliza, kusamba, kupita kuntchito, iye akadakoka miyendo m'misewu ya London. Adafika patatha masiku 5 ndi maola 8. Ngakhale tsokonombwe akadamudutsa n'kumupatsa moni.

Wina amene adadumphadi sitingamuseke. Terry Fox wa ku Canada adadulidwa mwendo chifukwa cha khansa ali ndi zaka 18, ndipo zimene adaona m'chipatala, makamaka ana odwala, sizidamuchoke mumtima. Mu 1980 adayamba kudutsa dziko lake ndi mwendo woikira, akudumpha kawiri ndi mwendo wabwinowo kenaka n'kuponya winawo. Adatero masiku 143, makilomita 5,373, mpaka nthendayo idamuimitsa pafupi ndi Thunder Bay.

Tsokonombwe wa makono ndiye wasintha. Asanadumphe n'kamodzi komwe wagula kale nsapato, wotchi yowerenga kugunda kwa mtima, ndi botolo la madzi lokhala ndi dzina. Chithunzi chili pa Facebook m'mamawa, thukuta lake lochita kuwaza. Komabe ameneyu tisamunyoze kwambiri, poti tsiku likafika amavutikadi. Amene ndikulimbana nawo ndi ife a m'mbali mwa msewu. Uthenga wopempha ukagwa pagulu la WhatsApp, zala zazikulu zimatuluka ngati ngumbi. "Tili nanu limodzi, bwana." "Mwezi ukatha nditumiza." Mwezi umatha, matuza amapola, ndalama zii. Ndipo palibe mankhwala amene adagulidwapo ndi chala chachikulu.

Kunotu nkhaniyi si yachilendo. Khansa imene imavuta ana ambiri ku Malawi ndi ya Burkitt, imene dokotala Denis Burkitt adaifotokoza mu 1958 ali ku Uganda. Imatupitsa nsagwada kapena mimba mwa liwiro loopsa, koma imamva mankhwala ngati mwana wafika msanga ndi kumaliza kulandira. Bungwe la WHO limati m'maiko olemera ana oposa 80 mwa 100 aliwonse odwala khansa amachira, pamene m'maiko ambiri osauka safika 30. China chimene chimadula ulendo pakati ndi ndalama ya minibasi chabe. Mayi wochokera kumudzi amene amabereka mwana kupita ku chipatala cha Gulupu kapena cha Kamuzu Central, kubwerera, n'kudzapitanso tsiku la mankhwala likakwana, amatha mitunda yoposa ya ku London, ndipo palibe amamuimirira m'njira ndi botolo la madzi.

Choncho wothamanga wa ku ofesi kwanu akabwera ndi pepala lake, musamufunse za maondo, amawadziwa yekha. Lembani dzina, ndipo K2,000 yanuyo mupereke pomwepo iye akuona.